Msiyeni Park Dae-sung ajambule mapiri ake momwe akuwaonera

Pali mkangano wina womwe anthu okonda zojambulajambula ku South Korea akhala akukokana nawo kwa zaka zambiri, ndipo dzina la mdala wina wotchedwa Park Dae-sung likangotchulidwa umayambiranso ngati unangosiyidwa dzulo. Nkhani yake ndi iyi: munthu amene akugwiritsa ntchito inki yakuda, burashi yaubweya ndi pepala la makolo, koma nkumajambula mapiri mwanjira yoti agogo ake atadzuka angadabwe nayo, ameneyo akusunga mwambo kapena akuupha? Ena akuti waupha. Ena akuti ayi, vuto lake ndi loti akukanika kuusiya, akukakamira zinthu zomwe nthawi yake inatha. Ineyo ndinayamba kuitsata nkhaniyi nditaona pafoni zithunzi za chionetsero chake cha ku LACMA, nyumba yaikulu ya zaluso ya ku Los Angeles, mu 2022, ndipo tinatsutsana mpaka usiku ndi mnzanga wina amene amajambula nkumagulitsa kwa alendo. Maganizo anga ndiwanenetu pano: mdalayu akulondola, ndipo mwa onse amene akulankhula ndi iyeyo amene akuusamala mwambowo. Sindikunena kuti kusakaniza zakale ndi zatsopano kumakhala kwabwino nthawi zonse, zambiri zomwe timaona zimachitika mwaulesi ndipo ndizinena kutsogoloku. Chomwe ndikunena nchakuti iyeyu anayamba wazilipira zakalezo ndi dzanja lake kwa zaka makumimakumi, ndipo munthu amene walipira chonchi ali ndi ufulu woyang'ana phiri ndi maso ake.

Kuti timvane bwino ndiyambe ndi munthuyo. Park Dae-sung anabadwa mu 1945 ku Cheongdo, chaka chomwe ulamuliro wa Japan unatha ku Korea patatha zaka 35. Ali kamwana, m'zipolowe za cha m'nthawi ya nkhondo ya ku Korea ija ya 1950 mpaka 1953, anataya makolo ake komanso mkono wamanzere. Analeredwa ndi achibale, sukulu sanapite nayo patali, ndipo ku yunivesite ya zaluso sanapondeko. Anadziphunzitsa yekha, kukopera zojambula za akatswiri akale, kuyenda kukafunsa kwa odziwa, kujambula tsiku ndi tsiku ndi dzanja limodzi lomwe linatsalalo. Mu 1979 anapata mphoto yaikulu pa mpikisano wa zojambula wa JoongAng, zomwe zinadabwitsa ambiri chifukwa m'dziko lija funso loyamba limakhala loti unaphunzira kuti ndipo anakuphunzitsa ndani. Kenako mu 1994 ananyamuka ulendo wa ku New York kuti akaone ndi maso ake chinthu chomwe aliyense ankangochitchula kuti zamakono, paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Atakhalako kanthawi anabwerera kwawo, osatenga penti wamafuta ndi nsalu ngati anzake ambiri, koma analunjika ku Gyeongju, mzinda wakalekale womwe unali likulu la ufumu wa Silla, nkukakhala pa kachisi wa Abuda wotchedwa Bulguksa. Mpaka pano amakhala ku Gyeongju komweko, m'munsi mwa phiri la Namsan.

Kumeneko nkomwe kunachokera chojambula chomwe ine chinandigwira mtima, cha mu 1996, choonetsa kachisi wa Bulguksa kutagwa chipale chofewa, chija ife timangochionera m'mafilimu. Ndi chachikulu zedi, chotenga khoma lonse, munthu akaima pambali pake amaoneka ngati kamwana. Ndinachikulitsa pafoni ndi zala mpaka kufika pa madenga ndi pa masitepe amiyala aja, kufuna kuona kuti zoyerazo anapaka chani. Sanapake kanthu. Kuyera konseko ndi pepala lenilenilo, iye anangojambula zakuda zozungulira, mitengo ya paini, mizati, mthunzi wapansi pa denga, nkusiya malo opanda kanthu kuti akhale chipalecho. Tangoganizani zimenezo pa pepala la hanji, lomwe amapanga ndi makungwa a mtengo wina wa mtundu wa mabulosi, lomwe limamwa inki nthawi yomweyo. Inkiyonso si ya m'botolo ngati ya cholembera, ndi mwaye wosakaniza ndi guluu, wouma ngati kamtengo, umachita kupera pa mwala ndi timadzi pang'onopang'ono mpaka ifike pomwe ukufuna. Ukalakwitsa mzere palibe kufufuta, palibe kupaka pamwamba ngati momwe amachitira a penti wamafuta. Dontho limodzi likagwera pamalo pomwe pamayenera kukhala poyera ndiye kuti chipale chija chadetsedwa basi. Njira imeneyi ndi yakale kwambiri. Koma kukula kwake, kulimba mtima kwa zakudazo, ndi momwe chimakulowetsera mkati ngati uli pa bwalo la kachisiyo m'mamawa, zimenezo nza munthu amene anaimapo kutsogolo kwa zojambula zikuluzikulu za ku New York.

Tsopano tiyeni kwa otsutsa, ndipo ndiyamba ndi amene ndimawalemekeza kwambiri, osunga mwambo. Iwowa akuti zojambula za mapiri ndi madzi, zomwe kumeneko amati sansuhwa, sizinali zongosangalatsa maso. Zinali njira yophunzirira kudekha ndi kudzichepetsa, munthu amajambulidwa kakang'ono ngati nyerere pansi pa phiri, nkhungu ikuphimba theka, ndipo umachitambasula pang'onopang'ono uli phee m'chipinda. Ndiye akaona za Park, mapiri atapindika ngati ukuwaonera mu galasi lozungulira, matanthwe akuda bii atakuzinga mbali zonse, mathithi akugwa kuchokera kudenga la nyumba mpaka pansi, amati apa pali phokoso, mzimu uja wathawa. Ali ndi nthano yowathandiza, ndipo ndi yokoma. Akuti m'nthawi ya Silla kunali katswiri wina dzina lake Solgeo amene anajambula mtengo wa paini pa khoma la kachisi wa Hwangnyongsa, unkaoneka weniweni mwakuti mbalame zinkabwera kuti zitere nkumaomba khoma. Patapita zaka utoto unafwifwa, wansembe wina nkuupakanso kuti uwale, ndipo kuyambira tsiku limenelo mbalame sizinabwerenso. Osunga mwambo amati mwaona, ukakhudza za akale umaziwononga.

Yankho langa loyamba lili mu nthano yomweyo. Wansembe uja sanajambule mtengo watsopano, iye ankafuna kusunga wakale uja podutsitsa burashi m'mizere ya munthu wina. Mbalame zinathawa chifukwa pakhomapo panalibenso munthu amene anayang'ana mtengo weniweni. Nde ngati nthanoyi ikudzudzula wina, ikudzudzula okopera, amene amabwereza phiri lomwelo, bwato lomwelo, kamdala komweko kowedza nsomba, osatulukako panja. Yankho lachiwiri ndi mbiri ya mwambo womwewo. Kwa nthawi yaitali akatswiri a ku Korea ankajambula mapiri a m'maganizo motsatira mabuku ndi zitsanzo zochokera ku China, malo omwe ambiri mwa iwo sanawaonepo. Kenako kunabwera Jeong Seon, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1676 mpaka 1759, nkuyamba kuyenda m'dziko lake kujambula mapiri omwe anthu amawadziwa ndi maina. Mu 1734 anajambula phiri lonse la Geumgang pa pepala limodzi, nsonga zake zosawerengeka zija zitaunjikana mozungulira ngati ukuzionera kumwamba, kulibe ndege, kulibe kamera. Mu 1751 anajambula phiri la Inwang mvula itangokata, thanthwe la granite lomwe m'maso limaoneka loyererako iye analipaka lakuda ndi burashi yolemera kuti umve kunyowa ndi kulemera kwake. Lero zimenezi ndi chuma cha dziko, ndipo ndi zomwe osunga mwambo amaloza akamati zenizeni ndi izi. Koma m'nthawi yake zinali zachilendo. Choncho amene akuti Park abwerere ku mwambo atiuze kaye kuti mwambo wa chaka chiti, chifukwa akasankha wa Jeong Seon asankha wa munthu amene anachita zomwe Park akuchitazi.

Ndiwonjezere apa za kupindika kwa mapiri kuja, chifukwa mnzanga uja anakakamira pamenepa, amvekere izi wabera kwa azungu ndi makamera awo. Sizoona. Kale kwambiri, m'zaka za m'ma 1000, katswiri wa ku China dzina lake Guo Xi analemba za njira zitatu zoonera phiri: uli m'munsi kuyang'ana m'mwamba, uli kutsogolo kusuzumira zakuseri, ndi uli pa phiri lina kuponya maso kutali. Akale ankaika zonsezi m'chojambula chimodzi. Aliyense amene anakwerapo Mulanje akudziwa chifukwa chake. Phiri lomwe umaliona uli mu minibasi pakati pa minda ya tiyi ndi lina, lomwe umalimva m'mawondo uli pa chikweza ndi lina, ndipo ukafika pamwamba nkucheuka ndi linanso, koma ukabwerera kunyumba m'mutu mwako muli phiri limodzi lokhala ndi zonsezo. Kamera imatha kukupatsa chimodzi chokha pa nthawi. Park akamapinda matanthwe kuti akuzinge, akujambula phiri lomwe munthu amabwera nalo m'thupi atalikwera, ndipo nzeru imeneyo anaipeza kwawo konko, New York inangomuchotsa mantha oti ayichite mokweza.

Gulu lachiwiri likuchokera mbali inayo, ndipo ndi la achinyamata ambiri. Iwowa akuti mdalayu ndi waluso inde, koma akutaya luso pa zinthu za agogo. Korea ya lero ndi Seoul, nyumba zosanja, masitima apansi panthaka, mafoni a Samsung, nyimbo zomwe ana athu omwe akuvina. Dziko lija linatulutsa Nam June Paik amene anapanga zaluso ndi ma TV, mpaka kumanga nsanja ya ma TV 1,003 mu 1988 pa nthawi ya masewero a Olympic. Linatulutsa Kim Whanki amene chojambula chake cha timadontho ta buluu chinagulidwa ndalama zoposa 13 biliyoni won (ndalama ya ku South Korea) ku Hong Kong mu 2019, ndi gulu la dansaekhwa, ojambula ndi utoto wa mtundu umodzi, la anthu ngati Park Seo-bo lomwe dziko lonse likulithamangira. Nde iwe mu zaka zino ukujambula kachisi ndi mitengo ya paini, ukuuza ndani? Mfundoyi ili ndi mphamvu, ndivomere, chifukwa nzoona kuti kwa zaka zambiri zojambula za inki zinkatsika mtengo, ophunzira ankazithawa, ndipo zambiri zinasanduka zokongoletsera m'malesitilanti.

Koma mfundoyi ikuganiza kuti phiri ndi chinthu chakale, pomwe ku Korea phiri ndi nkhani ya lero m'mawa. Pafupifupi magawo 70 pa 100 a dziko lija ndi mapiri. Mu Seoul momwemo ukakweza maso umaona Bukhansan ndi Inwang yemwe uja, ndipo Loweruka ndi Lamulungu anthu amadzaza masitima atavala zokwerera mapiri, agogo ndi adzukulu omwe. Ndalama yapepala ya 1,000 won yomwe amagulira tinthu tsiku lililonse ili ndi chojambula cha Jeong Seon kumbuyo kwake. Chachikulu kuposa zonsezi ndi phiri la Geumgang, lomwe Park walijambula kambirimbiri. Phiri limeneli lili ku North Korea. Anthu a kummwera analoledwa kukaliona kuyambira 1998, koma maulendowo anaimitsidwa mu 2008 msilikali wa kumpoto atawombera mayi wina mlendo, ndipo mpaka lero njira ndi yotseka. Ndiye tangoganizani munthu amene nkhondo yogawa dzikolo inamulanda makolo ndi mkono, akutenga pepala lalikulu nkujambula phiri lomwe anthu akwawo amaliimba m'nyimbo koma sangathe kukalipondako. Amene akuti zimenezi sizikukhudza moyo wa lero sanaganizire bwino. Kukhala wamakono sikutanthauza kuti m'chithunzi muoneke foni kapena galimoto, apo ayi ndiye kuti kalendala iliyonse ya kampani ikanakhala luso lapamwamba.

Palinso china chomwe gulu limeneli limaiwala. Mawu akuti zamakono kwa nthawi yaitali ankangotanthauza zochokera ku Paris ndi New York, ndipo aliyense wochokera kwina amayenera kusiya zida zakwawo pakhomo kuti alowe. Ku Korea olo dzina lenilenilo la zojambula za inki linali ndi bala, m'nthawi ya ulamuliro wa Japan zinkatchedwa dongyanghwa, kutanthauza zojambula za kum'mawa, ngati kuti Korea ilibe nkhope yakeyake, ndipo ndi m'zaka za m'ma 1980 pomwe dzina loti hangukhwa, zojambula za Korea, linakhazikika. Ife a kuno nkhani yotereyi sitifunika kuchita kuuzidwa, tinaiona ndi zilankhulo zathu, ndi nyimbo zathu, ndi maina athu omwe. Munthu akati ndikhala wa lero koma burashi yanga sindisiya, akukana lamulo lomwe silinayenere kukhalapo nkomwe.

Gulu lachitatu ndi lomwe mnzanga uja ali, ndipo iye amalankhula zomwe amaziona. Akuti zonsezi ndi msika basi. Azungu amafuna chinthu chooneka chachilendo koma chosawavuta kumva, nde iwe umatenga kachikhalidwe pang'ono, kuthira kamakono pang'ono, nkuwapatsa. Iye amadziwa chifukwa amachita zomwezo kuti adye: mlambe, dzuwa likulowa, mayi wasenza mtsuko, bwato pa nyanja, tsiku limodzi atha kupanga zinayi, ndipo anandiuza yekha kuti akajambula zomwe zili kumtima kwake palibe amagula. Sindimuweruza, lendi siyidikira. Ndipo akunena zoona kuti kusakaniza kwambiri komwe kumatchedwa luso ndi kotere, m'maiko onse, ku Korea komwe. Pali anthu amene amangowaza inki pa pepala la hanji nkulembapo chilembo chimodzi chakale kuti zioneke zakuya.

Koma kuti mlandu umenewu umugwere Park, masiku akuyenera kugwirizana, ndipo sakugwirizana. Njira yakeyi anayiyamba m'zaka za m'ma 1990, nthawi yomwe ndalama zinali kwa ojambula ndi penti wamafuta ndi kwa opanga zinthu zachilendo za m'ma gallery. Zionetsero zikuluzikulu za ku America, cha ku Los Angeles chija ndi cha ku Hood Museum ku koleji ya Dartmouth, zinabwera mu 2022 iye ali ndi zaka 77. Munthu wosaka msika sadikira zaka pafupifupi 30 ali m'munsi mwa phiri ku tauni yakale. Chachiwiri, munthu wosaka msika sapereka katundu wake ulere, pomwe iyeyu anapereka zinthu 830, zojambula, zolemba ndi zida zake, ku nyumba ya zaluso ya ku Gyeongju yomwe inatsegulidwa mu 2015, yomwe dzina lake ndi Solgeo, katswiri wa mtengo wa paini uja. Chachitatu, ndipo ichi ndi chomwe ndinamuuza mnzangayo, kusiyana kwa wosakaniza mwaulesi ndi wosakaniza modziwa kumaoneka pa ntchito. Pitani kwa telala wa pakhonde mukamuuze akusokereni jekete ya chitenje. Wina amangodula chitenje nkumata pa kolala ndi pa matumba, ukavala kawiri yayamba kukoka. Wina amadziwa momwe chitenje chimayendera, kuti maluwa ake akumane pa msoko, kuti chikachapidwa chidzabwerera bwanji, ndipo amadziwanso kudula jekete. Onse awiri asakaniza, koma simungawaike pa mtengo umodzi.

Apa ndi pomwe pali mtima wa nkhani yanga, ndipo ndikhalapo pang'ono. Chomwe chimamupatsa Park chilolezo ndi ntchito yomwe anthu saiona. Mpaka ukalamba uno amalemba zilembo ndi burashi tsiku ndi tsiku, kukopera zolemba za akatswiri akale ngati Kim Saeng wa nthawi ya Silla ndi Kim Jeong-hui wa m'zaka za m'ma 1800, chifukwa kwa iye kulemba ndi kujambula ndi ntchito imodzi, mzere womwe umapanga chilembo ndi womwewo umapanga nthambi ya paini. Kulemba kumeneku si kwa masewera, umayenera kudziwa pomwe burashi ikutera, pomwe ukuikanikiza, pomwe ukuinyamula, liwiro lake, kuchuluka kwa madzi, ndipo zonsezi zimachitika mu kamphindi kamodzi kopuma. Nchifukwa chake mzere wake umodzi umatha kuyamba wonyowa ndi wakuda bii nkukathera wouma, tsitsi la burashi likuonekera ngati khungwa la mtengo wokalamba. Zimenezi sungazibere pa YouTube sabata imodzi. Nyumba yake yogwiriramo ntchito anaitcha Bulpyeondang, kutanthauza nyumba ya kusapeza bwino, ndipo kwa munthu amene wakhala moyo wonse akutambasula mapepala aakulu chonchi ndi dzanja limodzi dzinali si lokongoletsa. Ndiye wachinyamata amene akufuna kutengera chitsanzo chake asayambire pa kupinda mapiri, ayambire pa kupera inki. Woimba ng'oma amene amatha kusintha kamvekedwe pakati pa gule anthu nkukuwa ndi chimwemwe ndi uja amene anaimba kamvekedwe kakale mpaka manja kuchita zikang'a, wina akayesa zomwezo ovina amangoima nkumuyang'ana.

Sindikufuna kunama kuti chilichonse chomwe wajambula chimandifika pamtima. Ali ndi zojambula zina za mbiya ndi mbale zakale zomwe anazijambula mwandendende ngati chithunzi cha kamera, ming'alu ndi madontho omwe, nkulemba zilembo mozungulira. Anthu amazikonda ndipo luso lake ndi loopsa, koma kwa ine zimaonetsa kwambiri kuti dzanja likutha, pomwe chipale cha ku Bulguksa chimandiiwalitsa zoti pali dzanja. Pena kukula kwa zojambula zake kumandichititsa kuganiza kuti osunga mwambo aja ali ndi kachoonadi akamadandaula za phokoso. Koma zimenezi ndi zokambirana pa chojambula chimodzichimodzi, ichi chatheka ichi sichinatheke, ngati momwe timachitira ndi woimba amene timamukonda akatulutsa nyimbo yofooka. Sizikugwetsa njira yonseyo. Munthu amene akuyesa zinthu amaphonya nthawi zina, ndipo ine bola ameneyo kusiyana ndi amene saphonya chifukwa akungodutsa m'mapazi a anzake.

Mfundo yomaliza yotsutsa ndi yoti zonsezi ndi za anthu olemera, mwambo kapena zamakono, wamba sizimukhudza. Nzoona kuti mmodzi mwa amene ankagula ntchito za Park anali Lee Kun-hee, mkulu wa Samsung amene anamwalira mu 2020, ndipo nzoona kuti mitengo ya zinthuzi munthu wamba sangaifike. Komabe banja la Lee lomwelo mu 2021 linapereka ku boma zinthu zaluso pafupifupi 23,000, kuphatikizapo phiri la Inwang la Jeong Seon lija, ndipo anthu ankachita kulimbirana malo kuti akalione. Ndiye kunena kuti wamba alibe nazo ntchito ndi kuwanyoza anthuwo. Ndipo pali nkhani ina ya mu March 2021 yomwe inandionetsa kuti mdalayu amaona bwanji za ubale wa ntchito yake ndi anthu. Ku Solgeo kuja anaika cholemba chake chachitali pafupifupi mamita 20, chotsika kuchokera m'mwamba nkuyalidwa pansi, popanda galasi kapena chotchinga chifukwa ankafuna anthu achiyandikire. Kunabwera banja lina, ana nkukwera pa pepalalo, kugonapo, kukhula ndi mawondo, bambo awo m'malo mowaletsa ali kalikiliki kuwajambula pafoni. Zilembo zina zinafufutika. Ntchitoyo inali ya ndalama pafupifupi 100 miliyoni won, makamera a m'nyumbamo anajambula zonse, zitaulutsidwa pa nkhani dziko lonse linakwiya, ambiri amvekere bamboyo alipire.

Ine bambo uja sindimuikira kumbuyo, analakwa, ndipo kholo lililonse liyenera kuphunzitsa mwana kuti thukuta la munthu salipondaponda. Koma Park atauzidwa anati asawavutitse, ndi ana, iyenso ali ndi adzukulu. Sanafune chipukuta misozi. Pambuyo pake anafika pomutcha mwanayo mbalame yake ya mwayi, poti chifukwa cha iyeyo anthu miyandamiyanda amene sanamvepo dzina lake anaona ntchito yake. Ena anati wangofuna kutchuka ndi chifundo, koma ine ndikuona kuti zikugwirizana ndi zonse zomwe wakhala akuchita ndi burashi. Akanakhala munthu woona mwambo ngati chinthu chosungidwa mu galasi sakanayala pepalalo pansi poyamba pomwe. Analiyala podziwa kuti m'chipindamo mudutsa anthu amoyo, ena osadziwa kanthu za Kim Saeng kapena za Silla, ena a zaka zosakwana 10. Iyeyo pa msinkhu umenewo anali kale mwana wamasiye wa mkono umodzi ku Cheongdo, akuyamba kugwira burashi popanda womuuza kuti apa pokha usakhudze.